Mapazi Omangidwa pa Mapedulo

Ku Kasungu, kudera la alimi a fodya, kunali bambo wina. Dzina lake sindikuuzani, chifukwa ndikangolitchula ena mwa inu muyamba kunong'onezana za mudzi wake m'malo momvera. Anthu ankangomutcha bambo a Tinyade, potengera dzina la mwana wake woyamba.

Bambo ameneyu, abale anga, mavuto sankawaopa. Chaka cha chilala ndiye ankadzuka tambala asanalire, kukalima ganyu kutali, madzulo n'kubwera ndi kathumba ka chimanga pamutu. Mwana akadwala ndiye anali woyamba kufika m'tchalitchi, mawondo pansi, pemphero lake kumveka mpaka kumsewu. Ukamuona nthawi ya njala, unkati uyu ndiye mzati wa mpingo. Koma zinthu zingoti zayenda, mvula yagwa bwino, fodya wagulidwa, nkhokwe yadzaza, aa, munthu uja ankasungunuka. Ankatsanzika kuti akukagula mchere kumsika, n'kubwerako sabata yatha, mchere alibe, nsapato yatsala phazi limodzi. Malo ake m'tchalitchi ankachita fumbi mpaka njala ina idzabwere.

Musaseke kwambiri. Ndikuona ena mukuseka mukuyang'ana pansi.

Mkazi wake, amake Tinyade, anali wa ku Nsanje, mayi wosakonda kulongolola. Anapirira, n'kupiriranso. Chaka china chokolola zochuluka, mwamuna atasowanso monga mwa chizolowezi, mayiyo anamanga katundu, anatenga ana, n'kukwera basi ya kwawo. Bamboyo pobwera anapeza nyumba ili zii, ngakhale nkhuku zitagawidwa kwa anansi. Anakhala pakhonde n'kulira ngati mwana. Ndipo kuyambira tsiku limenelo mowa anausiya. Anausiyadi, osati zapakamwa. Mvula inagwa, inatha, inagwanso, iye osalawa ngakhale kadontho.

Kenako anaimba foni ku Nsanje, kwa malume a mkazi wake, a Thole, amene anali nkhoswe ya kuchikazi. A Thole anamumvetsera mpaka anamaliza. Ndiye anati, "Mkamwini, tamva kuti mwasintha, ndipo tikuthokoza. Koma ife timakudziwani. Kuyamba mumayamba bwino, kumaliza ndiye simumaliza. Mwana wathu si munda woti muzilima theka n'kuusiya."

Mawu amenewo anamubaya, chifukwa anali oona.

Tsopano ndikuuzeni za njinga yake, pakuti nkhani yagona pamenepo. Inu anyamata a kabaza mwakhala kumbuyoko mukudziwa kuti kutayala lakumbuyo kuli kachitsulo ka mano kaja timati filiwilo. Ndi kamene kamalola kuti ukatopa usiye kupalasa, miyendo ipume, njinga izingopita yokha ikulira tiki tiki tiki. Pa njinga ya bamboyu kachitsulo kameneka kanatha m'kati. Ankati akapalasa, tcheni chinkangozungulira, njinga osasuntha. Anapita nayo kwa wowotcherera zitsulo pamsika, ndipo uyo sanavutike n'kuganiza, anangokamata ndi moto n'kukagwirizitsa ndi tayala mpaka kalekale. Kuyambira pamenepo, tayala likamazungulira mapedulo nawonso amazungulira. Kupuma kulibe. Ukafuna kuchepetsa liwiro, umalimbana ndi mapedulo ndi miyendo yako yomwe. Buleki inali imodzi yokha, yakutsogolo.

Anzake ankamuuza kuti asinthe tayala. Iye ayi. Ena ankati ndi umphawi, ena ankati ndi liuma. Ine ndikuti zonse ziwiri. Komanso kwawoko ndi kuchidikha, ndipo kuchidikha njinga yotere sivuta.

Tsiku lina anamva pa wayilesi kuti kwakonzedwa mpikisano wa njinga wautali woopsa, kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Dziko lonse, kuyambira kumutu mpaka kumapazi! Ine ndikapalasa kupita kukaona odwala kutsidya kwa dambo ili, mawa lake ndimayenda ngati bakha. Awa akuti Chitipa mpaka Nsanje. Malamulo ake anali ochepa. Njinga imene wayamba nayo ndi imene umalize nayo. Palibe kukwera galimoto, palibe kugwira lole kumbuyo monga mumachitira ena pachikweza, palibe wokukankha. Ugone pamene wafuna, udye chimene wapeza, koma pa tsiku lotsekera, dzuwa likangolowa, amene sanafike ndiye kuti sanamalize.

Bamboyo atamva kuti mpikisano ukathera ku Nsanje, sanachedwe. Anatumiza uthenga kwa a Thole: "Muwauze amake Tinyade kuti ndikubwera pa njinga kuchokera ku Chitipa, ndipo ndimaliza." Yankho la mayiyo linabwera lalifupi. "Ndikaima pothera mpikisanopo mpaka dzuwa litalowa. Likalowa iwo asanafike, asadzandifunenso."

Choncho ena ankakapalasira mphoto, ena ankakapalasira kutchuka. Iye ankakapalasira banja lake.

Ku Chitipa anafika pa lole ya katundu, njinga ili pamwamba pa matumba. Anapeza anzake a mpikisano atasonkhana, amuna ndi akazi omwe, njinga zawo zopepuka zoti unganyamule ndi dzanja limodzi, magiya ndandanda, zovala zothina zimene sindingathe kufotokoza nditaima pa guwa pano. Woyang'anira wina anatukula tayala la njinga ya bamboyo, analizungulitsa, n'kuona mapedulo akuzungulira nawo. Anati, "Bambo, njinga iyi ilibe filiwilo. Mukudziwa kumene mukupita?"

"Ku Nsanje, bwana. Kuli mkazi wanga."

Anthu anaseka, koma sikunali kuseka kwa chipongwe. Lamulo loletsa njinga yotere panalibe. Wina anamubwereka chipewa cholimba chija choteteza mutu, ndipo wezulo italira ananyamuka onse pamodzi.

Phunziro loyamba analilandira tsiku lomwelo. Msewu wochoka ku Chitipa ukamalowera ku Karonga umatsika, ndipo munthu wa kuchidikha anali asanaonepo mtsetse wotero. Anzake anangowerama, miyendo ili chete, n'kumamudutsa wiii, wiii. Iye miyendo ikuzungulira ngati ya munthu wothawa njuchi. Anati mumtima, "Inenso ndipumeko." Anachita zimene amachita anyamata ofuna kudzionetsa pamsewu: anachotsa mapazi pa mapedulo n'kuwasanjika pa felemu. Eee, kukoma kwake! Mphepo kumaso, miyendo ili phee, njinga ikuthamanga yokha. Paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kutsogolo kunabwera kona. Anafinya buleki, buleki imodzi sinakwanitse. Anati abwezere mapazi, koma mapedulo anali akuzungulira ngati chigayo, ndipo limodzi linamumenya pamsongolo, khu! Munthu uko, njinga uko, onse m'tchire.

Anadzuka mwendo ukuchucha magazi, udzu uli m'kamwa. Mulungu anamuchitira chifundo kuti pamalopo panali thengo, osati miyala. Anang'amba kansalu, anamanga balalo, anawongola handulo, n'kukweranso. Koma anali ataphunzira chinthu chimene zaka zonse za kwawo sizinamuphunzitse. Njinga yopanda filiwilo, ukachotsa phazi pamtsetse, sikulolanso kulibwezera.

Kenako kunabwera zikweza. Pa Chiweta paja ngakhale mabasi amalira. Iye alibe giya yoti asinthe, anangoimirira pa mapedulo, thupi kupendekera uku, kupendekera uko, thukuta lili kamukamu. Pamene pankakanika ankatsika n'kukankha, poti lamulo linkalola kuyenda pansi bola uli ndi njinga yako. Ku Chikangawa kunali chifunga ndi chisanu cholowa m'mafupa. Ena a njinga zabwino anasiyira komweko, wina bondo, wina malungo, wina mtima basi. Koma bamboyu pachikweza sankadandaula. Ndanena kale, mavuto ndiko kunali kwawo. Pachikweza pemphero linkabwera lokha, phazi lililonse likamatsika n'kumati, "Ambuye, ndithandizeni." Ankagona pa makonde a sitolo, ankadya mbatata yootcha ndi nthochi, kumwera thobwa la m'mabotolo, kukacha n'kukweranso.

Atafika kwawo ku Kasungu, msewu unali wosalala, ndipo mbiri yake inali itafika kale. Anzake aja ankamwa nawo anaima m'mbali mwa msewu, mabotolo m'manja, akukuwa. "Mwaonetsa chamuna! Theka la dziko ndi lokwanira, tsikani munyowetse kukhosi!"

Iye anangokweza dzanja osaima. "Ndikanatsika, koma mapedulo akukana!"

Anadutsa mphambano yopita kunyumba kwake osayang'anako. Musaganize kuti zinali zophweka. Pamphambano pamenepo panali bedi lake, mthunzi wa mtengo wake, anthu oti akanamuwombera m'manja ngakhale atasiyira pomwepo. Khosi linali louma, ndipo fungo la mowa analimva bwinobwino. Koma ankadziwa kuti m'nyumba imeneyo mulibe womupatsa moni.

Lilongwe anadutsa akuzemba maminibasi. Dedza anakwera, Ntcheu anatsika akulimbana ndi mapedulo, ku Balaka dzuwa linamuwamba ndipo chubu chinaphulika, anamata, n'kupitirira. Zalewa anawoloka, n'kukwera mpaka ku Blantyre. Pofika kumeneko munthu anali atatha. Mawondo atupa, zala zachita dzanzi, milomo yang'ambika. Za pokhalira sindinena, muli ana muno. Opambana anali atafika kale ku Nsanje, asamba, agona, adzuka. Mwa otsala pamsewu, iye ndiye anali womaliza.

Tsiku lotsekera linacha iye ali kunja kwa Blantyre, pamwamba pa mapiri aja otsikira ku Chikwawa. Amene munayendako mukudziwa. Ukaima pamenepo chigwa chonse chili pansi pako, Shire akunyezimira kutali, ndipo msewu umatsika ukukhotakhota, uku phiri, uku phompho. Bamboyo anaima n'kuyang'ana buleki yake. Mphira inali itatheratu, patsala chitsulo chokhachokha. Anayang'ana dzuwa. Linali likukwera, ndipo ku Nsanje kunali kukadali kutali.

Pamenepo mawu anayamba kulankhula mumtima mwake. Mawuwo sanali opusa ayi. Satana sabwera ndi zopusa. Anati, "Wavutika mokwana. Miyendo yako yatha. Mtsetse uwu ndi mphatso, chotsa mapazi upume. Ukalimbana ndi mapedulo utsika ngati nkhono, dzuwa likulowera panjira, ndipo mkazi uja umutaya. Ukaisiya njinga ithamange, ufika msanga. Tsiku lija unagwa chifukwa sunasamale. Lero usamala."

Bamboyo anayang'ana mapazi ake. Ndiye ananena mawu amene ndikufuna muwamve bwino. Sananene kuti, "Ndine wolimba, sindichotsa mapazi." Anati, "Ine ndimadzidziwa. Pano ndikhoza kulumbira, koma pakati pa mtsetse, ululu ukafika, ndichotsa."

Anamasula mphira za chubu zimene anamangira bulangete pa kaliyala. Pafupi pomwepo panali bambo wogulitsa makala, atayedzeka njinga yake ya matumba pamtengo, akupuma atakankha chikweza chonsecho. Anamuitana. "Achimwene, tandigwirirani njingayi, mundimange mapazi pa mapedulo."

Wamakala uja anatuzula maso. "Mwapenga kodi? Mukagwa mugwa nayo limodzi!"

"Ndikachotsa mapazi ndiye ndigwa ndithu. Mangani, ndipo mumangitse. Musandimvere chisoni. Bulangetelo tengani."

Wamakala anapukusa mutu, koma anamanga. Ndipo mukudziwa mmene anthu a makala amamangira katundu, mfundo yawo simasuka ndi mabampu. Anamanga phazi lamanja, anamanga lamanzere, anamugwirira mpaka atakhazikika pachishalo, n'kuchotsa manja. "Mulungu akutsogolereni, akulu."

Abale, ndani anakuuzani kuti kutsika n'kosavuta? Njinga inkafuna kuuluka, iye n'kumaikaniza ndi ntchafu. Pedulo likamakwera ankalipanikiza, likamukankha ankalibweza. Ululu unayamba m'mawondo, unakwera m'chiuno, unafika mpaka m'mano. Kona yoyamba anadutsa. Ina anadutsa, inanso anadutsa. Maminibasi ankamupitirira, makondakitala akukuwa pazenera kuti, "Isiyeni ithamange, madala!" Pakati pa phiri, chimene ananena chija chinachitika. Mutu sunalamule, koma miyendo yokha inakoka kuti ichoke pa mapedulo. Inakoka, inakokanso. Mphira zinakana. Anakuwa ngati munthu amene akumuzula dzino, misozi ikusakanikirana ndi thukuta, koma mapazi anakhala pomwepo, ndipo njinga inapitiriza kumumvera.

Atangokhota kona ina yobisika ndi thanthwe, anaona nthambi za masamba zitaikidwa pamsewu. Mukudziwa tanthauzo lake. Patsogolo pomwepo panali lole itafa, yatseka mbali yake yonse, miyala ili kumatayala, ndipo kuchokera kumunsi kunkabwera basi. Akanakhala akuuluka mapazi ali pa felemu, nkhani yathu ikanathera pamenepo, ndipo ku Nsanje kukanapita uthenga wa maliro. Koma anali akutsika pa liwiro limene miyendo yake inkaligwira. Anapanikiza ndi mphamvu zonse zotsala, njinga inafika pongokwawa, basi inadutsa, iye n'kuzemba lole ija bwinobwino. Atadutsa anaseka. Anaseka yekha pamsewu ngati wamisala, akunena kuti, "Zikomo Ambuye, zikomo, zikomo!"

Anafika pansi, anawoloka mlatho wa Shire, n'kulowa m'ng'anjo ija ya kuchigwa. Apa akanatha kufuna womumasula, koma dzuwa linali litakwera kale, ndipo ankadziwa kuti akangoima miyendo iuma, sakweranso. Anapitirira. Minda ya nzimbe ya ku Nchalo inadutsa. Pa mjigo wina amayi anamuona akubwera akudzandira, milomo itayera. Mmodzi anathamanga m'mbali mwake ndi kapu, wina anamukhuthulira beseni lonse pamutu. Anamwa akupalasa. Mbiri inayenda patsogolo pake kuposa njinga: kukubwera munthu womangidwa pa mapedulo, wachokera ku Chitipa, akupita kwa mkazi wake! Pofika ku Bangula, a kabaza anasiya makasitomala n'kumutsatira. Sanamukhudze, poti anawauza kuti lamulo likuletsa. Ankangopalasa pambuyo pake akuliza mabelu, ngiri ngiri ngiri, ndipo mudzi uliwonse unkawonjezera njinga zina.

Ku Nsanje, pothera mpikisano, dzuwa linali litafiira. Oyang'anira anayamba kupinda mipando. Amake Tinyade anali ataima pamenepo kuyambira m'mawa, ana ali m'mbali, a Thole ali pambuyo. A Thole anayang'ana kumadzulo n'kupumira m'mwamba. "Tiyeni, mwana wanga. Tinkadziwa kale."

"Malume, dzuwa silinalowe."

Ndiye anamva mabelu. Poyamba patali, kenako pafupi, kenako khamu la njinga ladzaza msewu wonse, ndipo patsogolo pa onse munthu mmodzi wotuwa ndi fumbi, mutu uli pansi, miyendo ikuzungulirabe. Opambana aja, amene anafika masiku apitawo, anadzuka onse n'kuyamba kuwomba m'manja. Oyang'anira anataya mipando n'kuthamangira pamzere. Dzuwa linali litakhudza nsonga za mapiri pamene tayala lakutsogolo linaponda mzerewo. Wamaliza! Womaliza pa onse, koma wamaliza!

Koma tsopano aima bwanji? Mapazi ndi omanga. Njinga inayamba kudzandira, ndipo munthu amene anadutsa dziko lonse anakuwa ngati mwana wophunzira kupalasa. "Amake Tinyade, ndigwireni! Ndigwa!"

Mayi uja anathamanga. Anagwira handulo ndi manja awiri, a Thole nawo n'kugwira kaliyala, nkhalamba yonse ija. Njinga inaima. Mayiyo anagwada kuti amasule, koma mfundo zinakana, mpaka wina anabweretsa mpeni. Mphira zitaduka, anamuvula nsapato n'kuona mapazi atatupa, mizere italowa m'mnofu. Anafunsa kuti, "Anakumangani chonchi ndani?"

"Ndinapempha ndekha. Pamtsetse ndimadzidziwa."

Mayiyo anadzuka, anaika dzanja pakamwa, n'kuimba nthungululu imene inamveka mpaka kutsidya la mtsinje. Amayi onse anapolokeza. A Thole anavula chipewa. "Mkamwini, kunyumba kuli madzi osamba. Tiyeni." Kuyenda sankatha, choncho a kabaza anamunyamula pamapewa, ana akuthamanga patsogolo, mkazi wake akukankha njinga pambuyo.

Tsopano tamverani, abale ndi alongo anga. Chikhristu ndi njinga yopanda filiwilo. Palibe malo pa ulendowu pamene ungati, "Apa ndapemphera mokwana, ziziyenda zokha." Ndipo ambiri a ife sitigwa pachikweza. Ine ndakhala mu mpingo uno nthawi yaitali, ndimakudziwani. Matenda akalowa m'nyumba mumabwera. Ntchito ikatha mumabwera, mumafika belu lisanalire. Pachikweza ndinu akatswiri, ndipo ndimakunyadirani. Chimene chimandiliza ine ndi mtsetse. Mwana wachira, ntchito yapezeka, malata akwera padenga, geni ikuyenda, ndiye timachotsa phazi limodzi, pemphero la m'mawa. Timachotsa linzake, Lamulungu. Mphepo imakoma kumaso, sindikukana. Koma pakadafunda padajiwitsa galu. Pofika pakona, tikati tibwezere phazi, timapeza mapedulo akuthamanga kuposa ife.

Bambo uja sanapulumuke chifukwa anali wamphamvu. Pakati pa phiri mphamvu zinatha, miyendo inafuna kuthawa. Anapulumuka chifukwa anadzidziwa, n'kudzimanga akadali pamwamba, mutu ukadali bwino. Ndipo sanadzimange yekha, anaitana munthu. Ena a inu chaka chino mwakolola. Ena mwakwezedwa pantchito, ena ukwati wayandikira. Mwaima pamwamba pa phiri, chigwa chikuoneka bwino. Musadikire chiyeso chifike kuti mudzaganize chochita. Lero lomwe, tisanatuluke pakhomo ilo, pezani mbale, pezani mlongo, mumuuze kuti, "Ukaona malo anga ali opanda munthu, ubwere udzagogode. Ukandiona ndikulowa pamalo paja, undikoke malaya. Usandimvere chisoni." Amenewo si maunyolo a ukapolo. Ndi mphira zimene zidzakugwirani tsiku limene miyendo yanu idzakane kumvera.

Mwina mudzafika omaliza. Zilibe kanthu. Ambuye sanatiitanire kudzaposa anzathu, anatiitanira kudzamaliza. Ndipo pamzere paja, pamene mphamvu zidzathe, pamene simudzatha ngakhale kuponda pansi nokha, musadzachite manyazi kukuwa kuti, "Ndigwireni!" Alipo amene waima pamenepo kuyambira m'mawa, ndipo sakuchoka. Adzathamanga, adzakugwirani, adzamasula mfundo zonse ndi manja ake, ndipo kumwamba kudzalira nthungululu.

Amene mukudziwa kuti chaka chino muli pamtsetse, imirirani tipemphere.